Gudumu Lakutsogolo Linapita ku Ukwati

Njinga ija ndinaipeza m'chaka chimene makireni, makina aatali okwezera zipangizo zomangira, anaima. Ndinali injiniya pa kampani ina yomanga nyumba zosanja ku Business Bay, mumzinda wa Dubai, ndipo kwa zaka zingapo tinkagwira ntchito mopanda mpata wokanda ndi pamutu pomwe. Chuma cha dziko lapansi chitagwedezeka, zonse zinangoti zii. Nyumba imene tinkamanga inalekezera pakati, zitsulo zitaloza kumwamba, matumba a simenti akuumira pansi. M'mawa uliwonse tikafika ku ofesi tinkayamba taona kuti ndi mpando uti umene watsala wopanda munthu.

Mmodzi mwa amene anauzidwa kuti ntchito yatha anali mzungu wina wachikulire amene tinkakhala moyandikana madesiki. Tsiku lotsanzika anandiitanira kumene tinkaimika magalimoto, natsitsa njinga m'galimoto mwake. Inali yobiriwira, yachitsulo, ya magiya ambirimbiri, kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso zikwama zinayi zokolekera m'mbali.

"Ndinaigula kuti ndiwoloke nayo nyanja, ndikapalase ku Iran, m'mphepete mwa madzi," anatero. "Chaka chilichonse ndinkati ndipita chaka chamawa. Iwe unandiuza kuti unakulira pa njinga. Upite ndiwe."

Sindinamunamize. Kwathu ku Mchinji ndinayamba kupalasa njinga ya bambo miyendo isanafike pa mapedulo, ndikulowetsa mwendo pansi pa mtanda. Ndinanyamulapo matumba a chimanga kupita kuchigayo, ndinanyamulapo mbuzi, ndinanyamulapo azakhali anga amene ankalemera kuposa mbuzi ndi chimanga chomwe. Koma chifikireni ku Dubai ndinali ndisanakhalepo pa chishalo. Kumeneko opalasa njinga anali anyamata a m'timashopu okha, aja operekera buledi ndi madzi m'mafulati.

Patapita masabata ochepa kampani inatipatsa tchuthi chokakamiza cha mwezi wathunthu. Kumudzi ndinali nditangochokerako pa Khirisimasi. Ndinakhala masiku angapo m'chipinda changa ku Al Mankhool, ndikuyang'anizana ndi njinga itatsamira khoma, mpaka ndinayamba kumatuluka nayo dzuwa lisanatenthe. Misewu inali itapepuka, poti anthu ambiri anali atachoka. Miyendo inadandaula sabata yoyamba, kenako inakumbukira. Ndiye ndinapita kukapempha viza, ndipo anandipatsa.

Ndinawauza akazi anga pa foni.

"Bambo a ana, anzanu akuchotsedwa ntchito, inu mukuti mukapalase njinga ku Iran? Kodi njinga kuno ku Lilongwe zinatha?"

"Ndikakhala m'chipinda muno ndidwala maganizo, mayi."

"Chabwino, pitani. Koma muziimba. Ndipo musakagwe, mafupa anu si a mnyamata."

Amene anandiperekeza ku doko anali mkulu wina wa ku Mangochi, Msilamu, amene ankayendetsa galimoto ya banja lina lachiarabu kwa zaka zambiri. Tinadziwana pa maliro a Mmalawi mnzathu, ndipo kuyambira pamenepo ndinkawatcha achimwene, iwo nkumanditcha bwana injiniya, mwachipongwe. Chiarabu ankachilankhula ngati anabadwa nacho. Anapempha galimoto kwa abwana awo, tinapinda mipando yakumbuyo nkulowetsa njinga, dzuwa likutuluka kumene.

"Ine nyanja ndinabadwira," anatero tili m'njira. "Inu a ku Mchinji madzi mumawadziwira m'chitsime. Mwadya chani m'mawa uno?"

"Mazira ndi buledi."

"Eee! Tiwaonanso mazira amenewo, inshallah, Mulungu akalola."

Holo yodikiriramo ku doko ndinkaiganizira ngati ya pa bwalo la ndege, yozizira, ya anthu okoka timasutikesi. Ndinapeza msika. Panali mafiliji ali m'makatoni, mawailesi akanema, makina ochapira, matumba a mpunga, mabelo a mabulangete omangidwa ndi zingwe zabuluu. Amayi ovala zakuda anali atakhala pamwamba pa katundu wawo, aliyense akulondera mulu wake, azibambo akuyendayenda ndi mapepala m'manja. Onse anali anthu a ku tsidya, obwerera kwawo atagula zinthu. Ine ndinalowa ndikukankha njinga, nditavala kabudula wothina wa opalasa uja, chisoti cha pulasitiki chili kumutu. Holo yonse inatembenuka.

Bambo wa pa kauntala anayang'ana tikiti, nayang'ana ine, nayang'ana njinga. Analankhula Chiarabu, achimwene nkumanditanthauzira.

"Akuti iyi si munthu, ndiye singalowe kokhala anthu. Ipite ndi katundu."

"Nanga ikaphwanyika pakati pa mafilijiwa?"

Achimwene anatsamira pa kauntala nayamba kumunyengerera. Ndinamvako "habibi", kutanthauza wokondedwa, kangapo, ndinamvanso dzina la dziko lathu. Bamboyo ankamwetulira koma mutu akupukusa. Sitimayo inali yaing'ono, yothamanga, ya mipando ngati ya m'basi, ndipo malo oika njinga munalibedi. Pomaliza anati katundu yense amalowa m'zikhola zachitsulo zimene amakweza ndi makina, ndipo njinga ingalowemo pokhapokha nditachotsa gudumu lakutsogolo ndi kupinda mahandulo. "Khalas," anatero, kutanthauza kuti nkhani yatha.

Ndinagwada pansi nkuyamba kumasula. Pamenepo ndi pamene anafika bambo wina wokalamba, wamfupi, wa ndevu zoyera zodulidwa bwino, amene mulu wake wa katundu unali waukulu kuposa wa wina aliyense. Anagwira chishalo, nafinya tayala ndi chala, naliza belu. Kenako analankhula ndi achimwene m'Chiarabu, poti anthu ambiri a m'mphepete mwa nyanja ku tsidyako amachidziwa.

"Akuti mwana wawo wamkazi akukwatiwa, katundu yenseyu ndi wa ukwati. Akuti njinga yanu ilowe m'khola lawo, aitchinjiriza ndi mabulangete."

Ndinathokoza ndi mawu amodzi amene ndinkawadziwa bwino, shukran. Madalawo anamasula belo limodzi, natenga gudumu langa, naliika pakati pa mabulangete a maluwa ofiira kuti masipoko asapindike, namanganso zingwe. Thupi la njinga analiimika pakati pa filiji ndi belo lina. Ndinaona kuti yagona pabwino kuposa mmene ndinkagonera ine ku Al Mankhool.

Akazi awo, mayi wonenepa amene anali atakhala pa katoni, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nanena mawu ochepa atatembenukira kumbali. Madalawo anatsokomola. Achimwene anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Bwana injiniya, akuti kabudula wanuyo atha kukhala wa mdzukulu wawo. Akuti ku tsidya mwamuna saonetsa ntchafu. Kavaleni buluku msanga."

Ndinathamangira kuchimbudzi ndi chikwama changa. Nditatuluka nditavala buluku, mayi aja anagwedeza mutu kuvomereza, nandipatsa lalanje.

Achimwene sakanatha kupitirira pa chipata cha mapasipoti. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, nandipanikizira kathumba ka zipatso za tende m'manja. "Yalla, pitani. Mukasochera, funsani mzikiti. Pa mzikiti palibe amene amabweza mlendo."

Basi inatitenga kukatisiya pa sitima. Ndinakhala pa windo, ndipo titatuluka pa doko ndinaona mzinda wonse ukubwerera m'mbuyo. Nyumba yaitali kuposa zonse mumzindamo inali isanathe kumangidwa, itasongoka ngati singano, ndipo chapafupi pake ndinkatha kuloza pamene panali nyumba yathu yolekezera pakati. Kwa miyezi ndinkadzuka ndi nkhawa ya nyumba imeneyo. Kuiona ikuchepa mpaka kusowa m'nkhungu kunandipepuza mtima moti ndinayamba kuimba chamumtima nyimbo ya ku Sande sukulu.

Kuimbako sikunapite patali. Titafika pakati pa nyanja, sitima inayamba kudumpha ngati minibasi pa msewu wa mabampu. Ulosi wa achimwene unakwaniritsidwa: mazira aja ndinakawasanza kuchimbudzi. Ndinabwerera pa mpando wanga thukuta lozizira lili pamphumi. Mayi a ukwati aja, amene anali atakhala tsidya la kanjira, anapisa m'chikwama natulutsa kandimu kouma, kakuda, kolimba ngati mwala. Anakaswa ndi mano, nandilozera kuti ndizinunkhiza ndi kumanyambita. Kaya kanali kandimuko, kaya kunali kuchita manyazi pamaso pawo, koma m'mimba munakhazikika. Atabweretsa chakudya chamasana, mpunga ndi nkhuku, ndinadyako theka. Madala aja anandiphunzitsa kumwa tiyi mwa kwawo: shuga wa chibuma umamuluma ndi mano akutsogolo, tiyi nkumadutsa pamenepo. Ine shuga ankangosungunuka ndisanamwe ndi kamodzi komwe, iwo nkumandipatsa wina.

Tinalibe chilankhulo chimodzi, koma tinacheza. Ndinawaonetsa chithunzi cha ana anga. Iwo anandionetsa cha mkwatibwi ali wamng'ono, atavala yunifolomu ya sukulu. Kunja kunkadutsa zombo zamatabwa zodzaza katundu ndi masitima akuluakulu a mafuta, ooneka ngati sakuyenda.

Dzuwa litapendeka tinaona mapiri ouma, ofiirira, opanda mtengo ndi umodzi womwe, ndipo m'munsi mwake munali tauni ya Bandar Lengeh. Eni dziko anadutsa msanga pa chipata. Ine ndinali mlendo ndekha, ndipo pasipoti yanga inasonkhanitsa anthu. Wina anaitembenuza uku ndi uku.

"Mali?"

"Malawi."

"Somali?"

"Ma-la-wi."

Anaitana mnzake, mnzakeyo anaitana wamkulu wawo, ndipo onse anandipititsa pa mapu amene anali pa khoma. Ndinaloza kadziko kathu kakatali kopyapyala. Anakondwa ngati apeza chinthu chimene chinatayika kalekale. Anandikhazika pa mpando, nandipatsa tiyi, wina nkumandifunsa za mpira ndi manja ndi mapazi. Pamene ankadinda pasipoti, nthawi inali itapita ndithu.

M'holo ya katundu ndinapeza mwatsala makatoni ochepa. Njinga yanga inali itatsamira khoma bwinobwino, zikwama zinayi zili pambali pake, yopanda ndi kachipsera komwe. Koma inali itagwada, mafoloko ali pansi. Gudumu lakutsogolo linali lidakali m'belo la mabulangete, ndipo belolo, filiji, madala ndi akazi awo, zonse zinali zitapita.

Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana njinga ya gudumu limodzi m'dziko limene sindinkadziwa ndi moni womwe. Dzina la madalawo sindinawafunse. Foni yanga inali isanagwire netiweki ya kumeneko. Chodabwitsa nchakuti sindinachite mantha, chinandigwira ndi chiseko. Ndinaganiza za mmene ndikafotokozere ku Lilongwe kuti ulendo wa njinga unathera pa doko, ndipo ndinaseka ndekha mokweza mpaka azibambo onyamula katundu anabwera kudzaona.

Ndinawalozera mafoloko, ndinajambula gudumu m'malere, ndinadzifunditsa bulangete losaoneka, ndinadzigwira chibwano kusonyeza ndevu. Anayang'anizana. Kenako ndinaonetsa filiji ndi manja, nkuyerekeza kuveka mphete pa chala. Mmodzi anawomba m'manja.

"Arusi! Arusi!"

Mawu amenewo ndinawadziwa, chifukwa anzanga a ku Tanzania ku ntchito ankatchula ukwati chimodzimodzi. "Eya, arusi!" ndinatero m'Chichewa, ngati angamve. Tauniyo ndi yaing'ono, ndipo zinaoneka kuti palibe amene sankadziwa kumene kunali ukwati sabata imeneyo. Anandiitanira takisi, tinalowetsa njinga m'buti theka lili kunja, dalaivala namangirira ndi chingwe.

Tinatuluka m'tauni, tinadutsa minda ya migwalangwa ndi zitsime zofoleredwa ndi madenga ozungulira ngati mauvuni a njerwa, mpaka tinafika pa mudzi wa nyumba zoyera za mipanda yaitali. Pa chipata china panali mbuzi zomangirira, magalimoto, ndi azibambo akukoka mawaya a magetsi a mitundumitundu. Madala aja anali ataima pafupi ndi galimoto yapikapu, makiyi m'dzanja lina, gudumu langa m'dzanja lina. Atandiona anakweza gudumulo m'mwamba, anthu onse pa chipata nkufuula.

Panapezeka mphunzitsi wina, mphwawo wa madalawo, amene ankadziwa Chingerezi, ndipo ndiye anandifotokozera. Amayi anasonkhana m'nyumba kuti aone katundu wa mkwatibwi. Anamasula belo, akutambasula mabulangete limodzilimodzi nkumayamikira, mpaka gudumu linagubuduka nkukagwera pa mapazi a apongozi a mkwatibwi. Akuti apongoziwo anafunsa ngati mwana wawo alandira njinga yonse pang'onopang'ono, gudumu chaka chino, chishalo chaka chamawa.

Ndinafuna kumanga gudumu langa ndi kubwerera m'tauni kukafuna malo ogona. Madalawo anakana. Mphunzitsi anati, "Akuti gudumu lanu lalowa kale m'nyumba ya mkwatibwi ngati mlendo. Mwini wake sangachoke asanadye ukwati." Ndinayesa kukana mwaulemu monga timachitira kwathu, koma zikwama zanga zinali zitanyamulidwa kale.

Ndinakhala pamenepo masiku awiri. Ndinkagona m'chipinda cha alendo aamuna, pa kapeti, nditafunda limodzi la mabulangete akale a m'nyumbamo. Chimene sindinayembekeze nchakuti pa mudzipo panali anthu akuda ngati ine. Ena ankandipatsa moni m'chilankhulo chawo poganiza kuti ndine wa mudzi wapafupi, nkumadabwa ndikangoti kakasi. Mphunzitsi anati makolo awo anachokera ku Africa kalekale, pa zombo zamatabwa zija, ena mwa kufuna kwawo, ambiri osafuna. Panali gogo wina woimba ng'oma amene anafanana ndi amalume anga a ku Kapiri, ndi mpata wa mano womwe. Ndinamuyang'ana mpaka ndinachita manyazi.

Tsiku la ukwati amuna tinali kwathu, akazi kwawo, ndipo mkwatibwi sindinamuone ndi maso, nthungululu zokha ndi zimene zinkadumpha mpanda. Tinadya mpunga wa nsomba ndi nyama ya mbuzi titazungulira mbale zikuluzikulu. Madzulo ng'oma zitayamba, miyendo yanga inazizindikira mutu usanaganize. Kavinidwe kawo nkogwedeza mapewa, mapazi akusuntha pang'ono. Anandikokera m'bwalo, ndinayesa za mapewazo nkulephera, ndiye ndinangothyola za kwathu, za m'chiuno. Gogo wa ng'oma anandiyang'ana, nasintha kaimbidwe kuti anditsatire. Anthu anakuwa, madala aja akupukuta misozi ya chiseko ndi nsonga ya mpango.

Mphunzitsi anandibwereka foni yake kuti ndiimbire kunyumba.

"Mwapalasa mtunda wautali bwanji?" anafunsa akazi anga.

"Sindinayambe."

"Nanga phokosolo ndi la chiyani?"

"Ndili pa ukwati, mayi."

"Wa ndani?"

"Maina ndi ovuta. Koma ndi anthu abwino kwambiri."

Anaseka mpaka ndinamva akuitana ana kuti abwere adzamve za bambo awo.

M'mawa mwake ndinamanga gudumu, ndinawongola mahandulo, ndinapopa matayala. Mayi aja anatuluka pa chipata ndi mtolo wa buledi wopyapyala, tchizi, ndi ndimu zouma zodzaza dzanja. Madalawo anandipsompsona masaya onse awiri, zimene kwathu mwamuna sangachite kwa mwamuna mnzake, koma ndinapirira. Nditakwera, mayiwo anakhuthula madzi a m'mbale pansi kumbuyo kwanga. Mphunzitsi anafuula kuti amatero pofuna kuti wapaulendo adzabwerenso.

Ndinalowera kum'mawa, nyanja ili kudzanja lamanja, mapiri kumanzere. Msewu unali wosalala, mphepo ikundikankha kumsana. Ngamira zinkadya minga m'mbali mwa msewu osandilabadira. Madalaivala a malole ankaliza hutala nkumakweza dzanja, ndipo ena ankaima patsogolo kundidikira kuti andipatse madzi kapena chipatso. Zikwama zinkalemera m'malo mopepuka. Tsiku lina mvula yosayembekezereka inandipeza pa chigwa, ndinabisala pansi pa mlatho pamodzi ndi mbusa wa mbuzi, tikugawana buledi osalankhulana. Ndinagonapo pa mzikiti, ndinagonapo kuseri kwa sitolo, ndinagonapo m'katenti pa mchenga nkhanu zikuyendayenda panja.

Patapita masiku ndinafika pa kadoko kena pamene pantoni imawolotsa magalimoto kupita pa chilumba cha Qeshm. Pamenepo panalibe kauntala yondifunsa kanthu. Ndinangopalasa kukwera pa chitsulo, nkukaima pakati pa lole ya mavwende ndi galimoto ya banja lina limene linanditsegulira windo nkundipatsa njere za mpendadzuwa. Chilumbacho ndinachizungulira mosafulumira, ndikuima paliponse pamene amisiri ankakhoma zombo zamatabwa pa gombe, zazikulu ngati tchalitchi, popanda pulani iliyonse yojambula. Monga injiniya ndinakhala tsiku lathunthu pansi pa chombo chimodzi, ndikungoyang'ana nthiti zake.

Nditabwerera ku Dubai ndinali nditada kwambiri, buluku likugwa m'chiuno. Ku ofesi ndinapeza mipando ina itatsalanso yopanda anthu, koma wanga unalipo. Nyumba yathu sinapitirire chaka chimenecho, ndipo ine ananditumiza ku Abu Dhabi kukayang'anira ntchito ya ngalande za madzi, yopanda ulemerero koma yosaima. Loweruka loyamba ndisanasamuke ndinaitana Amalawi ndi anzathu a ku Chipata m'chipinda changa kuti ndiwafotokozere za ulendo. Tinadzazana mpaka ena anakhala pa bedi, ena pa zikwama za njinga. Nditafika pa za kavinidwe ka mapewa anati ndisafotokoze ndi pakamwa, ndiimirire ndionetse. Namwino wina wa ku Zomba anayamba kuimba ng'oma pa chidebe, tonse tinaimirira kuyesera, ndipo Mfilipino wa chipinda choyandikana anagogoda pa chitseko kudzadandaula za phokoso. Tinamulowetsa, naye anavina.